Tsiku Limene Ndinameta Mwana Wanga

Linali Lachiwiri, nthawi ili 9 koloko m'mawa, tsiku lachisanu chimwalirireni amuna anga. Ndinakhazika mwana wanga Simran pampando kuseri kwa nyumba yathu ku Ngong, ndinam'funditsa chitenje m'mapewa, ndipo ndinam'meta tsitsi lonse. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chibadwire sizasi inali isanam'khudze m'mutu.

Amayi anzanga, ambiri mwa inu mukudziwa kuti ndinamwapo mowa mpaka kugona m'ngalande. Zimenezo ndinena, sindibisa. Koma kugwa kwanga sikunayambire m'botolo. Kunayambira pampando umenewo.

Kwa amene simundidziwa, ndine Esinati, kwathu ndi ku Ntcheu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Kuno ku Nairobi ndinabwera ndi banja lina lakwathu, abwana ankagwira ntchito kubungwe lakunja, ine ndinkalera ana ku Spring Valley. Pampu ya madzi panyumbapo inkafa kawirikawiri, ndipo amene ankabwera kudzakonza anali bambo wandevu, wovala nduwira kumutu, mmodzi mwa anthu aja kuno amati Akalasinga, eni ake amati Asikhi. Dzina lawo a Jaswant. Tsiku loyamba ndinawapatsa tiyi panja n'kuima poteropo kudikira kapu. Iwo anati nditenge yanga ndikhale pansi, chifukwa kwawo wophika ndi wakudya amakhala pamphasa imodzi. Pampu inachira, koma iwo sanasiye kubwera kudzaizonda.

Tinakwatirana ku ofesi ya boma. Kutchalitchi kwathu sakanatidalitsa chifukwa iwo sanali Mkhristu. Ku gurudwara, komwe ndi nyumba yawo yopemphereramo, akuluakulu anati ukwati wa kumeneko ndi wa anthu awiri amene onse ndi Asikhi. Mayi awo, amene tonse timawatchula kuti Biji, sanabwere n'komwe. Anayamba kundiyankha moni Simran atabadwa.

A Jaswant sanandikakamizepo. Lamulungu ankanditula pachipata cha tchalitchi, iwo n'kupitirira ku gurudwara. Chipembedzo chawo ndinalowa ndekha patapita zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinalowera kukhitchini. Ku gurudwara kuli khitchini yotchedwa langar, kumene amaphika tsiku lililonse, aliyense wobwera n'kudya ulere, kaya ndi bwana kaya wogona mumsewu. Ndinangopita kukasiya ufa umene amuna anga anagula. Mayi wina sanandifunse dzina kapena mpingo, anangosuntha pang'ono n'kundipatsa kamtengo kopamira chapati. Ndinabwereranso sabata yotsatira, ndi yotsatiranso. Kutchalitchi sindinachokeko ndi mkwiyo, ndipo sindinabwere kuno kudzakangana ndi aliyense. Ndinangopeza kuti mtima wanga wakhazikika kumeneko. Ndinasiya kudula tsitsi, ndinavala chibangili chachitsulo, ndipo pemphero lam'mawa ndinaliloweza ndi makutu, popeza zilembo zawo sinditha kuwerenga.

Ndanena zonsezi kuti pasakhale wondichitira chifundo n'kumati sankadziwa. Ndinkadziwa. Ndinkadziwa kuti kwa Msikhi tsitsi ndi mphatso ya Mulungu, limasiyidwa mmene analiperekera.

Tsitsi la Simran linatengera konsekonse. Kutalika ngati la bambo ake, kupotana ngati langa. Munthu mmodzi sankalitha. Lamulungu lililonse madzulo ine ndinkamasula mfundo ndi zala, bambo ake akubwera pambuyo ndi mafuta a kokonati ndi chipeso chamtengo. Ankaseka kuti m'mutu mwa mwanayu Ntcheu ndi Punjab akulimbirana malire. Tikamaliza ankaliluka chingwe chimodzi chofika m'chiuno.

Anamwalira Lachinayi masana kugalaja kwawo, mtima unangoima. Lachisanu anawatentha, monga mwa mwambo wawo. Nditayamba kukuwa, amayi a ku gurudwara anandigwira mwachikondi ndithu, n'kundiuza chapansipansi kuti ndisalire mokweza, munthu wabwerera kwa Mwini wake, tiyeni tiimbe. Inu mukudziwa mmene timalirira kwathu. Timalira mpaka mawu kusasa, timagona pasiwa, timaona bokosi likutsika, timaponya dothi. Kuno pofika Loweruka kunangotsala phulusa, ndipo nalonso anakalithira mumtsinje. Misozi yonse inanditsalira pachifuwa ngati chakudya chosatsika.

Lolemba anafika akulu anga, a Feresiya, atayenda masiku atatu pabasi kudzera ku Tanzania, miyendo itatupa. Anafunsa kuti manda ali kuti. Nditawafotokozera anakhala pansi pakhomo n'kulira okha, maneba akusuzumira. Atatha anati: "Munthu simunam'lire, simunamuike, mwangom'tentha. Ndiye ngakhale kumeta simumeta? Achoka bwanji pakhomo pano? Adzatsata mwanayu."

Sindiwaimba mlandu. Anachita zimene mayi athu anatiphunzitsa. Ndipo ine mumtima ndinati, zonse zachitika mwa kwawo, bwanji chimodzi chokha chichitike mwa kwathu? Ndinati tsitsi limamera.

Anayamba kumeta ine. Kenako ndinaitana Simran. Atakhala pampando anandifunsa funso limodzi: "Mama, Papa akanalola?" Ndinati Papa apita, ndipo tikuchitira iwo omwewo. Sanalire. Chingwe chija chinagwera pachitenje ndi kulemera kwake, a Feresiya anachitola n'kukachikwirira kuseri kwa bafa.

Pa tsiku lakhumi kunali mapemphero omaliza ku gurudwara. Kumeneko aliyense amafunda kumutu, ndiye palibe anaona kanthu. Koma Biji anali ndi chizolowezi, akakumbatira mdzukulu wawo ankatsitsa dzanja kumsana kutsata chingwe chija. Tsiku limenelo dzanja linatsika, silinapeze kanthu. Analichotsa ngati agwira mbaula. Panja, pamalo ovalira nsapato, anandiuza kuti phulusa la mwana wawo lisanafike n'kunyanja komwe, ine ndabwerera kale kwathu. Simran anakaima kumbuyo kwawo n'kunena kuti akupita ndi Biji ku Westlands. Ndinam'gwira mkono. Anandiyang'ana n'kuti: "Tsitsi limene Papa analigwira ndi limene mwadula. Lomwe limere sadzaligwira."

A Feresiya anabwerera ku Malawi. M'nyumba ndinatsala ndekha ndi nduwira za amuna anga zopindidwa m'kabati. Tulo sitinkabwera. Mayi wina wogulitsa tomato pamsika anandipatsa kabotolo kakang'ono, anati kamathandiza. Zaka khumi ndi zisanu m'nyumba mwathu simunalowe mowa, Asikhi salola. Kabotolo kaja kanathandizadi. Patatha mwezi ndinkafuna tiwiri. Kenako ndinasiya kudikira dzuwa kulowa. Chibangili ndinachivula chifukwa chinkalira chikagunda botolo, ndipo kulira kwakeko kunkandinena. Ku gurudwara ndinasiya kupita. Ndinayamba kugulitsa masipanala a amuna anga limodzilimodzi, kenako bokosi lonse. Nditachoka pa timabotolo ndinafika pa chang'aa, kachasu wakuno.

Tsiku lina masana ndinagwa m'ngalande pafupi ndi siteji ya maminibasi aja kuno amati matatu, makondakitala akuseka kuti onani Mama Kalasinga. Ena mwa inu munamva. Wina anati ndi chilango chosiya mpingo, ndipo mwina ankakhulupiriradi choncho, sindinam'sungire chakukhosi. Mayi Phiri, amene akhala apowa, anafika pamalopo. Anandinyamula, anakandisambitsa, anandiveka diresi lawo.

Chimene chimandiwawa koposa ngalande ndi ichi. Ndinakwera matatu nditaledzera mpaka ku Westlands, ndinaima pageti pa Biji n'kumakuwa kuti andibwezere mwana wanga, akuba inu. Ndinaona Simran pawindo lam'mwamba. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anakoka katani.

Ndinakhala choncho chaka ndi miyezi isanu ndi itatu.

Loweruka lina cha m'ma 11 koloko m'mawa ndinamva galimoto ikuima panja. Ndinali nditamwa kale. Amene anatsika anali Biji, ndi ndodo yawo, maondo aja akuvuta. Chikhalireni anali asanabwereko ku Ngong okha. Analowa osagogoda, anayang'ana mbale zosatsuka, anakankha botolo ndi ndodo kuti apeze poponda, n'kukhala pampando wa mwana wawo. Ndinati ndiphike tiyi, anati ayi. Ine ndinabisa manja m'chitenje.

Kenako anandifunsa m'Chiswahili chawo chothyokathyoka chija, chofanana ndi changa: "Unam'metera chiyani?"

Amayi anzanga, miyezi yonseyo palibe anandifunsapo funso limeneli. Ena ankandidzudzula, ena ankandiikira kumbuyo, koma wofunsa panalibe. Ndinawafotokozera mmene ndikanathera. Ndinati kwathu munthu akamwalira, onse amene ali ake amameta, mkazi, ana, abale. Aliyense wokumana nawe panjira amadziwa kuti uyu wataya wake. Amene sameta ndiye amene akunena kuti womwalirayo si wanga.

Anandiyang'anitsitsa. "Ndiye umanena kuti ndi wako?"

"Eya, Biji."

"Ine ndinamva kuti watha naye. Iye, ife, ndi Mulungu wake."

Kenako anandiuza kuti amuna awo atamwalira, mayi awo anawaphwanyira zibangili zagalasi n'kuwaveka zoyera, ngakhale buku lopatulika silinena zimenezo pena paliponse. Anati iwonso sanakane, chifukwa tsiku limenelo munthu umangochita zimene wamkulu wanena. Musaganize kuti anandiuza kuti ndinachita bwino. Anati: "Unalakwa ndithu. Mwana anakufunsa, iwe sunamve. Koma si kulakwa kumene ndinkaganiza."

Atatero anatsegula chikwama n'kutulutsa chipeso chamtengo chija. Simran anali atachitenga tsiku limene anachoka. Mano ake awiri anali atathyoka.

Apa ndiye ananena chimene anabwerera. Tsitsi la Simran linamera, koma Biji sankalidziwa. Anazolowera tsitsi loterera la kwawo. Ankalipesa louma, kuyambira pamwamba, mwana akulira, ndipo zala zawo n'zopindika ndi nyamakazi. Mapeto ake Simran anakana kuti wina aliyense am'gwire m'mutu, ankangomanga mpango. Pansi pa mpangowo tsitsi linamangana ngati chisa cha mbalame, kukhosi kunatuluka zilonda. Aphunzitsi anaitana Biji n'kunena kuti sukulu ikadzatsegulira, pakatha masabata atatu, mwana adzabwere tsitsi litakonzedwa kapena litametedwa. Kusaluni ziwiri anati palibe kuchitira mwina koma kudula. Simran anati akam'dulanso, kusukulu sadzapondako.

"Ndinam'funsa kuti ndani angalithe," anatero Biji. "Anati alipo mmodzi, koma amanunkha mowa."

Ndinatulutsa manja kuti ndilandire chipeso chija. Anali akunjenjemera. Biji anawayang'ana, anabweza chipeso m'chikwama, n'kunena kuti osati ndi manja amenewo. Anati chipeso chikhala kwawo, geti ndikulidziwa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti atachoka ndinataya mowa wonse. Ayi. Ndinatola botolo lija n'kumaliza. Ndinalira kwambiri, koma ndinamaliza. Ndikunena izi chifukwa wina pano mwina akudikira tsiku limene mtima udzasinthe kamodzi n'kamodzi. Ine silinandifikire choncho.

Chimene ndinachita ndi ichi. M'mawa mwake ndinapita kwa Mayi Phiri n'kuwauza zonse. Lolemba anandiperekeza kuchipatala. Nesi atafunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji, ndinatsala pang'ono kuchepetsa, koma Mayi Phiri anandiyang'ana, ndinanena zoona. Nesiyo anati munthu wofika pamene ndinafika asasiye yekha m'nyumba, n'zoopsa, ndipo anandipatsa mankhwala. Masiku asanu ndinagona pabalaza pa Mayi Phiri, ndikusanza, ndikutuluka thukuta, iwo akundimwetsa phala ndi supuni. Iwo akupemphera mwa kwawo, ine mwa kwanga.

Nditabwerera kunyumba ndinasintha njira yopita kusiteji kuti ndisadutse pamene ndinkagula. Ndi yaitali, koma ndimadutsabe yomweyo mpaka lero. Chibangili ndinachipeza m'kabati pansi pa nduwira, ndinachivala. Ndipo popeza nthawi yanga yoopsa inali m'mawa, ndinkadzuka n'kukwera matatu awiri kupita ku langar. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo ndi manyazi, ndikudziwa kuti onse anamva. Mayi yemwe uja, tsopano atakalamba, anasuntha pang'ono n'kundipatsa kamtengo. Chapati zanga zoyamba zinali ngati mapu a dziko, koma anthu anadya. Manja akakhala mu ufa sagwira botolo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinamwa. Kabotolo kamodzi. Ndinaimbira Biji ndekha n'kuwauza. Anangoti: "Mawa ubwere ku langar." Ndinapita.

Loweruka lomaliza sukulu isanatsegulire ndinafika pageti paja m'mawa. Biji anandiuza kuti nditambasule manja. Anawayang'ana, anandinunkhiza pakamwa osachita manyazi, kenako anandipatsa chipeso.

Simran anali atakhala pansi pakhonde, atafulatira. Sanandipatse moni. Anali atatalika, mapewa ngati a bambo ake. Anavula yekha mpango. Nditaona m'mutumo ndinaluma mlomo kuti ndisatulutse mawu.

Ndinapempha madzi ofunda ndi mafuta. Chipeso ndinachiika pambali. Tsitsi lotere sumayamba ndi chipeso, sumayambanso pamwamba. Umanyowetsa, umadzoza, n'kuyamba kunsonga, kutenga pang'onopang'ono ngati ukusankha mpunga. Mfundo imodzi inkanditengera nthawi yophika nyemba. Biji anakhala pambali akutola tsitsi lothothoka lokha n'kumaliika papepala. Dzuwa linalowa tisanafike theka. Tsiku lonselo Simran sanalankhule, kupatula kamodzi pamene ndinakoka kwambiri.

Lamulungu tinayambiranso. Cha masana, zala zili m'mutu mwake, ndinati: "Simran, ndinkadziwa, ndipo ndinachita. Unandifunsa, sindinakumvere. Lija sindingalibweze." Ndinapitiriza ntchito.

Cha m'ma 4 koloko mfundo yomaliza inamasuka. Sizasi sinagwire ntchito. Ndinatenga chipeso chothyoka mano chija, ndinachiika pamwamba, chinatsika mpaka kumapewa osakodwa. Nditachikwezanso, Simran analankhula osacheuka.

"Papa ankayamba kumanzere."

Ndinayamba kumanzere.

Sanabwerere kunyumba tsiku limenelo. Miyezi isanu ndi umodzi ankangobwera Loweruka ndi Lamulungu, ndipo polowa ankayamba wayang'ana pansi pa sinki ngati pali botolo. Ndinkamusiya ayang'ane. Ngakhale pano pali masiku amene amakhala chete, ndipo ndimadziwa chimene akukumbuka. Sindim'kakamiza.

Pali chinanso chimene Biji anachita. Tsiku lina anandiuza kuti ndivale tipite. Anandipititsa kumtsinje kumene anathira phulusa la mwana wawo. Anauza woyendetsa galimoto kuti akadikire kutali, iwo anakhala pamwala atafulatira, n'kunena kuti: "Lira mwa kwanu. Ine sindikumva." Ndinalira, amayi anzanga. Ndinaitana a Jaswant ndi mawu onse amene timaitanira akufa kwathu, mpaka mawu anasasa. Pobwerera tinagawana chimanga chootcha chapamsewu, iwo akudandaula kuti mano awo sakutha.

Ambiri muno munakwatiwa ndi anthu amitundu ina, ena a mipingo ina, ena azipembedzo zina. Ine ndi amuna anga tinakambirana za dzina la mwana, za chakudya, za Lamulungu. Za maliro sitinakambiranepo, tinkaona ngati n'kuitana imfa. Kambiranani mudakali awiri. Thupi lidzapita kuti, adzalire bwanji otsala, ana adzachitidwa chiyani. Uzaninso abale akumudzi basi isanawabweretse. Ine ndinaimbira a Feresiya n'kuwauza kuti ndikadzafa adzanditentha, iwo adzalire mmene angafunire, adzamete ngati akufuna, koma m'mutu mwa Simran asadzagwiremo. Anang'ung'udza, anati ndinasanduka Mmwenye, koma anavomera.

Ndipo ngati pali wina muno amene ali ndi kabotolo m'chikwama, sindikufunsa kuti aimike mkono. Ingouzani munthu mmodzi zoona, osachepetsa. Ine ndimakhala kuseri kwa msika wa Ngong, geti lobiriwira.

Panopa papita zaka ziwiri ndisanamwe. Ndimadzuka 5 koloko, ndimasamba, ndimanena pemphero langa lam'mawa. Masiku anayi pasabata ndimagulitsa ndiwo zamasamba pamsika. Lachitatu ndi Lamulungu m'mawa ndimapama chapati ku langar, pobwerera ndimadzera kwa Biji kukawatikita maondo. Lamulungu madzulo ndimapesa Simran. Tsitsi lafika pakati pa msana, ndipo ndimayamba kumanzere.